Nsalu za m'bokosi sizilipira fizi

Kuyambira pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pali mkangano umene sukutha muno mu Zomba. Umabuka m'minibasi ya ku Chinamwali, pa mzere wa ku banki kumapeto kwa mwezi, ngakhale pamaliro abambo akamachezera pamoto usiku. Ena akuti munthu wanzeru masiku ano asagone ndi ndalama, akangoigwira athamangire kumsika n'kugula chilichonse, poti mawa mtengo ukhala wina. Ena akuti ayi, nthawi yakwana yoti tichepetse zogula ndi kupepukitsa nyumba zathu. Oyambawo amaseka achiwiriwa kuti akutengera nzeru za anthu okhuta akunja, amene katundu amawatopetsa chifukwa umphawi sadauone. Ine ndili kumbali ya ochepetsa, ndipo ndinena mosapsatira: katundu amene sagwira ntchito m'nyumba si chuma. Ndi ndalama imene idafa tsiku limene tidaipereka, ndipo mpaka lero ikutidyerabe malo, nthawi ndi mtendere. Amene akuvulala nazo kwambiri si wolemera, ndi munthu wa malipiro ochepa amene kwacha iliyonse ili ndi poyenera kupita.

Ndisanapitirire, ndilongosole chimene ndikutanthauza, chifukwa ambiri amatsutsa zimene palibe wanena. Sindikunena kuti tizikhala pasimenti popanda mpando, kapena kuti titenge katundu wabwinobwino n'kukamuponya mu Likangala. Sindikunenanso za banja limene lili ndi mphika umodzi ndi mphasa imodzi. Banja limenelo likusowa katundu, ndipo kulilalikira zochepetsa n'kulinyoza. Ndikunena za ife apakatikati: aphunzitsi, apolisi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi a boma amene tadzaza mzinda uno, ndi ochita geni amene zikuwayenderako pang'ono. Timalandira kanthu pa mwezi, koma pofika pa 10 kanthuko kamakhala katatha, pamene pansi pa bedi, pamwamba pa wadiropu ndi kuseri kwa chitseko kuli katundu amene dzanja silidamukhudze zaka zitatu. Kwa ife pempho langa lili pawiri: tizichedwa pogula, ndipo chimene changogona m'nyumba tichitulutse chikagwire ntchito kwina.

Maganizo amenewa sindidawatole m'buku. Ndidawapeza m'chipinda cha azakhali anga ku Chinamwali, patatha mwezi titawaika m'manda, tsiku logawa zovala. Adali mayi olimbikira, adagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti m'nyumba mwawo simusowa kanthu. Titakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi n'kuthyola loko, fungo la chinyontho lidatiomba kumaso. M'katimo mudali nsalu zopindidwa bwino, zina zikadali ndi kapepala ka m'sitolo, zosachapidwapo, zosavalidwapo. Amayi anga adanyamula yapamwamba kuti aitambasule, ndipo idangong'ambika yokha motsata mopindidwa monse. Zapansi zidali zitamatana ndi chuku, zina njenjete zitaziboola ngati sefa. Aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri lino amadziwa mmene chinyezi cha Januwale ndi chiperoni cha Juni zimalowera m'makoma. Tidapulumutsapo zochepa chabe. Zotsalazo tidakaziotcha kudzala, amayi atayang'ana kumbali akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Chimene chidandipweteka kwambiri chidali m'chikwama chawo. Tidapezamo kabuku kolembedwa ngongole ya kwa wakatapila, imene adatenga chaka chomwecho kuti alipirire mdzukulu wawo fizi ya kusekondale. Pomwepo ndidakumbukira tsiku lina nditawapeza akupukuta mbale za m'kabati, mbale zamaluwa zimene palibe adadyerapo. Ndidati, “Azakhali, bwanji osagulitsako zina mwa izi kuti mupumeko ku ngongole?” Adandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwana wanga, nyumba yopanda kanthu anthu amaiseka. Zisiye, tsiku lake lidzafika.” Tsikulo silidafike. Sindikuwaweruza. Adakula m'nthawi imene nsalu idali banki ya mayi, ndipo adachita zimene adaphunzitsidwa. Koma ife amene tidaona m'bokosi muja tilibe chifukwa chobwerezera zomwezo.

Tsopano ndiyankhe otsutsa, kuyambira pa mfundo yawo yamphamvu kuposa zonse, ya kugwa kwa ndalama. Iwo akuti: kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti patangotha chaka ndi theka, ndipo m'chaka cha 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kudadutsa 30 peresenti. Amene adasunga ndalama m'chitini kapena ku akaunti adangoiona ikusungunuka, pamene amene adagula katundu ali nayebe. Izi n'zoona, ndipo sindingauze munthu kuti akumbatire makwacha m'nyengo ngati ino. Komabe mfundoyi ikuika zinthu ziwiri zosiyana m'thumba limodzi. Pali katundu amene amasunga mtengo wake kapena kubereka, ndipo pali katundu amene mtengo wake umagwa ukangotuluka naye pakhomo la sitolo. Malata, njinga ya kabaza, makina osokera, mbuzi, thumba la feteleza logulidwa mvula isanayandikire, chimanga chogulidwa nthawi yokolola n'kusungidwa m'matumba osalowa mpweya, izi zimakutchinjiriza mitengo ikamakwera. Koma nsapato zachisanu ndi chimodzi, makatani achiwiri a pabalaza, maluwa apulasitiki, mapoto amene akudikirira m'katoni, izi sizikutchinjiriza ku chilichonse.

Amene akukayika ayesere. Tengani diresi limene mudagula chaka chatha, losavalidwapo, mupite nalo kumsika waukulu wa Zomba mukaligulitse. Wogula sadzafunsa za dola kapena za Reserve Bank. Adzaliyerekeza ndi mulu wa kaunjika umene uli pambali pake, n'kukutchulirani mtengo woti mudzabwerera nalo kunyumba diresilo. Ngakhale katundu wa mtundu woyamba uja ali ndi malire ake: simenti yogulidwa popanda tsiku lomangira imauma n'kusanduka mwala m'chinyezi chathu chino, ndipo chimanga chosasamalidwa chimatha ndi anankafumbwe. Choncho funso lisakhale lakuti, “Kodi mawa chikwera mtengo?” poti zonse zikukwera. Funso likhale lakuti, “Chikagwira ntchito yanji, ndipo liti?” Palinso malo amodzi oikapo ndalama amene otsutsawa amawaiwala, ndiwo kubweza ngongole. Chiwongola dzanja cha katapila nthawi zambiri chimakula pa mwezi umodzi kuposa mmene mitengo imakwerera pa chaka chathunthu. Munthu wa ngongole yotere amene akugula zokongoletsa m'nyumba ponena kuti akuthawa kugwa kwa kwacha, akutunga madzi ndi chidebe chobooka.

Mfundo yachiwiri imati wosauka sataya chinthu, ndipo kusunga ndi nzeru imene idatilera. Apanso pali choona chimene ndimachilemekeza. Botolo la mafuta ophikira limasanduka lotungira madzi, chitini cha majarini chimasanduka muyezo wa nyemba, thumba la feteleza limanyamula makala, okhoma zidebe amasandutsa lata lakale kukhala mbaula, ndipo tayala lakutha limatulutsa nsapato ndi malamba omangira katundu panjinga. Luso limeneli tisalitaye. Koma taonani kuti m'zitsanzo zonsezi chinthucho chapeza ntchito yachiwiri. Izi n'zosiyana ndi TV imene idapsa magetsi atabwera mwamphamvu zaka zinayi zapitazo, imene ili pakona itaphimbidwa ndi nsalu podikira tsiku lokaikonzetsa. N'zosiyana ndi katoni ya mafoni akufa ndi matchaja oduka, kapena zovala za mwana amene pano ali Folomu 3 pamene zidamuthina ali Sitandade 2. Zimenezi sitikuzisunga, tikungozengereza kuganiza chochita nazo, ndipo pamene tikuzengerezapo zikuwonongeka. TV ija ikadapita kwa mmisiri chaka chomwe idapsa, ikadakonzeka kapena kugulidwa kuti achotsemo zipangizo. Lero palibe akuifuna.

Kuwonjezera apo, malo si aulere. Ambiri a ife timakhala m'nyumba za lendi ku Matawale, ku Sadzi, ku Chikanda, ku Mpondabwino, ndipo lendi imayendera zipinda. Ndikudziwa mabanja amene ana osinkhuka, wamwamuna ndi wamkazi, amagona pabalaza pamene chipinda chimodzi chatsekeredwa katundu. Ndiye kuti mwezi uliwonse banjalo likulipirira makatoni lendi. Mulu umenewo ndi mmene mumaswana makoswe, mphemvu ndi nsikidzi, ndi mmene udzudzu umabisala masana, ndipo ndalama imatulukanso yokagulira mankhwala opopera. Wa m'boma akalandira kalata yomusamutsa, amafunafuna lole yaikulu yonyamulira zinthu zimene kumene akupitako zikafikiranso pansi pa bedi. Nthawi nayonso imapita. Amene amapukuta, kusuntha, kuyanika padzuwa ndi kubwezeretsa zonsezi nthawi zambiri ndi mayi kapena mtsikana wa pakhomo, Loweruka lonse lathunthu, pamene mtsikanayo mayeso ali pafupi.

Mfundo yachitatu ndi imene imandifika pamtima, chifukwa ikukhudza umunthu wathu. Amati kuno munthu sakhala yekha. Alendo amafika osauza, maliro amagwa usiku, ndipo pakhomo popanda mabulangete apadera, mapoto aakulu ndi mbale zambiri pamagwa manyazi. Ndikuvomereza kuti pakhomo pamafunika bulangete la mlendo ndi mbale zingapo zowonjezera. Koma mlendo ndi mame, sakhalitsa, ndipo moyo wa masiku onse sungamangidwe pa usiku umodzi. Za maliro ndi maukwati, makolo athu adali nalo kale yankho, ndipo likugwirabe ntchito mpaka pano: kubwerekana. Pamaliro a azakhali aja nsima sidaphikidwe m'mapoto awo a m'katoni. Idaphikidwa m'mapoto aakulu a amayi a Mvano, mabenchi adachokera kutchalitchi, mbale zidasonkhanitsidwa kwa oyandikana nawo, iliyonse ili ndi kadontho ka penti kunsi kuti ibwerere kwa mwini wake. Dera lonse limakhala ndi zokwanira chifukwa katundu amayenda. Nyumba iliyonse ikafuna kukhala ndi zakezake zonse, ndiye kuti tikugula kakhumi chinthu chofunika kamodzi, ndiponso tikudula chingwe chimene chimatimanga pamodzi, poti amene sabwereka kwa anzake, anzakewo amachitanso manyazi kubwereka kwa iye.

N'chifukwa chake ndimakana akamati kuchepetsa katundu ndi nzeru yobwera. Agogo athu ankasinjira mtondo umodzi mabanja angapo, ndipo chuma chawo chidali m'nkhokwe, m'khola ndi mwa anthu. Chimene chidabwera ndi kabati ya magalasi yodzaza makapu osamwera. Mzinda uno udali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo kwa zaka zambiri makolo athu ankagwira ntchito m'nyumba za mabwana m'mphepete mwa phirimu, akuona mmene pabalaza pa munthu wolemekezeka pamaonekera. Ine ndimakhulupirira kuti mtima wofuna pabalaza podzaza tidautengera kumeneko, koma tidautenga popanda malipiro a mabwanawo. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo ankanena zenizeni. Bulangete limene lili kwa msuweni wako kumudzi lasungika bwino kuposa limene likudyedwa ndi njenjete pamwamba pa wadiropu.

Tidaziona zimenezi mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala kuno kummwera. Mipingo ndi mizikiti itapempha zovala, m'nyumba zambiri mudatuluka matumba odzaza. Ndidathandiza nawo kusankha zovalazo kutchalitchi kwathu, ndipo ndidaona zinthu ziwiri. Choyamba, tidali ndi zambiri kuposa mmene tinkaganizira. Chachiwiri, zina sizikadatheka kupatsa munthu, zidali zitaolera kale m'mabokosi. Zikadatuluka zaka ziwiri m'mbuyomo, mwana wina wa ku Jali kapena ku Kachulu akadavala juzi popita kusukulu m'nyengo yozizira.

Mfundo yachinayi saitchula kawirikawiri pagulu, koma ndi imene ikulamulira zikwama zathu: anthu anena chiyani? Ndi yomwe ija adanena azakhali, ndipo sindiitenga mopepuka. Munthu amene adakula akugona pamphasa, akagula sofa ndi thukuta lake, akuuza mtima wake kuti wachokako kumene adali. Chimwemwe chimenecho n'choyenera, ndipo sofa imene banja limakhalapo madzulo aliwonse ndi katundu wogwira ntchito. Vuto limayamba tikamagula poyang'ana nkhope za anthu ena. Taganizirani chizolowezi chimene chakula cha nsalu ya yunifomu pa chochitika chilichonse. Pachinkhoswe nsalu yake, pa bridal shower ina, paukwati weniweniwo ina, pa kitchen top up ina, pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala inanso. Iliyonse ifuna telala, nsapato zogwirizana nayo, tsitsi latsopano ndi ndalama zosinthitsa za perekaniperekani. Diresi livalidwa tsiku limodzi, lijambulidwa, liikidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo silingavalidwenso poti aliyense waliona kale. M'miyezi ya maukwati, kuyambira pokolola mpaka mvula itagwa, mayi mmodzi amatha kusoketsa kanayi kapena kasanu. Abambo nafenso tili ndi zathu, ndipo zathu n'zodula kuposa nsalu: foni yatsopano yakale ikadagwirabe ntchito, masipika osayenerana ndi kukula kwa pabalaza, suti ya ukwati uliwonse.

Nanga ndalama zimenezi zimachokera kuti, poti malipiro sakukwera monga mmene zinthu zikukwerera? Zimachokera ku banki mkhonde, kumene ngongole yoyenera kukulitsa geni imathera kwa telala, ndipo tsiku lobweza likafika mayi amayamba kuzemba anzake. Zimachokera ku ngongole za pafoni zimene zimalowa pa mphindi imodzi munthu ali gone pabedi. Zimachokera kwa wakatapila amene amasunga khadi lako la ku banki ngati chikole, n'kumayamba iye kutapa malipiro ako, iwe n'kulandira zotsala. Ndiye ndifunse: ulemu uli pati, kwa wovala diresi lomwe lija la chaka chatha amene ana ake ali m'kalasi, kapena kwa wovala latsopano amene mwana wake wabwezedwa pageti chifukwa cha fizi? Anthu amene tikuopa kuti atinena sadzaonekako tsiku limene mwini ngongole adzabwere kudzanyamula sofa ija. Ambiri mwa iwo ali m'goli lomwelo, ndipo nawonso akuopa ife. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada, ndipo ife tikugwa chagada tonse pamodzi, aliyense maso ali pa mnzake. Pakungofunika anthu ochepa olimba mtima, m'komiti ya ukwati kapena m'gulu la amayi, oti anene kuti, “Anzanga, ulendo uno aliyense avale chimene ali nacho, ndalama ya nsalu tiwapatse ana athuwa ayambire banja.” Ndidamvapo mawu otere akunenedwa m'komiti ina imene ndidalimo. Palibe adakwiya. Ambiri mitima idakhala pansi, ndipo mayi wina adati ankafuna kunena zomwezo koma ankaopa.

Pali enanso amene amadera nkhawa ochita malonda. Amati tonse tikachepetsa kugula, venda wa kaunjika, wogulitsa ziwiya zapulasitiki ndi telala adya chiyani? Nkhawa imeneyi n'njomveka, makamaka tikakumbukira kuti mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika adachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe podandaula kuti mabelo akwera mtengo mosaneneka. Koma ndalama imene sidagule diresi lachikhumi siuluka. Imapita kwa mlimi wa ku Thondwe wogulitsa masamba, kwa wolima mpunga m'madambo a nyanja ya Chilwa, kwa msodzi wa matemba, kwa woumba njerwa, kwa kalipentala wokonza mpando wothyoka, kwa telala yemweyo amene tsopano akusoka yunifomu ya sukulu ndi kuchepetsa zovala za mkulu kuti avale mng'ono. Zambiri zimene zadzaza m'makatoni mwathu zidachokera kunja ndipo zidagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene zimasowa tikaima pa mizere ya mafuta. Sindikunena kuti kabati ya banja limodzi ndi imene yagwetsa kwacha. Ndikungoti ndalama yathu ikazungulira pakati pa Songani ndi Thondwe imadyetsa anthu ambiri kuposa ikathera pa maluwa apulasitiki. Ndiponso kasitomala wopanda ngongole amabweranso mwezi wamawa, pamene womira m'ngongole amagula kamodzi n'kusowa, nthawi zina asanamalize n'kulipira komwe.

Apa ndichenjezeko amene ali kumbali yanga: kuchepetsa kugula sikutanthauza kuthamangira chotchipa. Ndowa yopyapyala imene imasweka pakatha miyezi iwiri imakuchititsa kugula ndowa zisanu ndi imodzi pa chaka, ndipo zophwanyikazo zimakathera m'ngalande. Poto mmodzi wolimba, nsapato imodzi yoti wosoka nsapato angathe kuikonza, mpando wa kalipentala wa kwanu amene ungamubwerere ukagwedera, izi poyamba zimaoneka zodula koma zimagulidwa kamodzi.

Chotsala ndi katundu wa chikumbutso, ndipo apa ndiyankhula mofatsa. Palibe angandiuze kuti nditaye Baibulo la malemu bambo anga, limene kuchikuto kwake adalembako masiku athu obadwa, ndipo inenso sindingauze wina zotere. Koma chikumbutso chimafuna kusankha. Muno mu Zomba ndi mmene muli nkhokwe ya zolembedwa zakale za dziko lino, National Archives, ndipo ngakhale kumeneko sasunga pepala lililonse limene boma lidalembapo. Amasankha zofunika kuti zisamalike. M'nyumba zathu, chifukwa tasunga zonse, zofunika zenizeni ndi zimene zimasowa. Satifiketi ya MSCE, kalata ya malo, buku la kuchipatala la mwana, zimakhala m'katoni imodzi ndi malisiti a zaka khumi zapitazo, ndipo tsiku lozifuna timapeza chiswe chidafikamo kale. Kwa azakhali tidafufuza mapepala a puloti masiku atatu, abale atayamba kale kukayikirana.

Kwathu tidayamba ndi chipinda chimodzi, Loweruka lina dzuwa litawala bwino. Tidatulutsa zonse pabwalo n'kuzigawa milu itatu: zogwiritsa ntchito, zopereka kapena kugulitsa, ndi zakufa. Sizidali zophweka. Ine ndi mayi a kunyumba tidakangana pa zinthu zingapo, chifukwa chinthu chilichonse chimakukumbutsa ndalama imene udachigulira, ndipo kuchitulutsa kumakhala ngati kuvomereza kuti udalakwitsa. Pomaliza tidagwirizana kuti chimene sichidagwire ntchito dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi chituluke, kupatula mapepala ndi zokumbukira zochepa. Zitsulo tidagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, zovala zidapita kumudzi, mabuku a kupulayimale kwa ana a oyandikana nafe. Tidagwirizananso kuti chinthu chosakhala chakudya, mankhwala kapena cha kusukulu tisamachigule tsiku lomwe tachiona; tizigona kaye masiku angapo, ndipo zambiri zimaiwalika zokha. Malipiro akangolowa timayamba tapatula fizi ya teremu yotsatira. Sitidalemere, mitengo ikutipweteka ngati wina aliyense. Koma mwana wathu wamkazi ali ndi chipinda chake tsopano, ndi tebulo lowerengerapo pamene padali makatoni, ndipo khadi langa la ku banki lili m'thumba mwanga.

Pa katundu yense wa azakhali, chimene chidapezeka chili bwinobwino ndi makina osokera opalasa ndi mwendo, amene adakhala pakona zaka zambiri ataphimbidwa ndi nsalu, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki. Abale ena ankafuna kuti asungidwe choncho ngati chikumbutso. Amayi anga adakana, adati, “Alamu anga adawagula kuti azisoka amenewa. Mupatseni mwanayu.” Mmisiri adawathira mafuta n'kusintha lamba. Lero ali pakhonde la sitolo ina ku Mpondabwino, ndipo amene akuwapalasa ndi mdzukulu uja wa fizi ya katapila. Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala amasoka mayunifomu mpaka mdima, ndipo fizi ya mng'ono wake ikuchokera pakhonde pomwepo.